Zidole za mafilimu za pa clearance: lekani kutikwiriritsa mpamba



Chaka chilichonse Khrisimasi ikamayandikira, muno mumadzaza zithunzi za zidole. Wina wajambula ali pa Dragon City, wina pa China Mall ku Johannesburg, wina ku Kariakoo, koma uthenga ndi umodzi: zidole za mu filimu yakutiyakuti zatsika mtengo, ndi orijino, tumizani ndalama msanga zisanathe. Chaka chino zayambanso. Ine ndikutsutsa malangizo amenewa poyera, ndipo amene akwiye akwiye. Chidole cha mu filimu chikafika pa clearance ndiye kuti chafa kale. Amene akukuuzani kuti muikepo mpamba wanu akukugulitsani maliro a eni ake.

Ndifotokoza chifukwa chake, kuyambira komwe zidolezi zimabadwira, chifukwa ambiri timangoona katoni osadziwa ulendo umene yayenda isanatipeze.

Bizinesi imeneyi inakula ndi filimu ya Star Wars mu 1977. Kampani ya Kenner ya ku America ndiyo inali ndi chilolezo chopanga zidole zake. Filimu inatchuka kuposa momwe aliyense ankaganizira, Khrisimasi inafika zidole zisanakonzeke, moti anthu ankagula chikatoni chokhala ndi kapepala kolonjeza kuti zidole azilandira chaka chotsatira. Kenner inapha makwacha kwa zaka zambiri. Kuyambira pamenepo aliyense wopanga filimu yayikulu amalota kuti zimuchitikire ngati za Star Wars, ndipo malotowa ndi amene amadzaza nyumba zosungira katundu ndi zidole zosagulidwa.

Vuto loyamba lili pa nthawi. Chidole chapulasitiki sachipanga sabata imodzi. Pamafunika kuchijambula, kusula zikombole zachitsulo, kupempha eni filimu avomereze nkhope yake, kuchipanga ku fakitale ku China kapena Vietnam, kenako kuchikweza sitima. Zonsezi zimatenga chaka kapena kuposa. Ndiye kuti kampani ya zidole imasankha kuchuluka kwa katundu filimu isanathe n'kujambulidwa komwe, pamene palibe munthu akudziwa ngati idzakondedwe. Ndi juga. Filimu ikatuluka, phokoso lake limakhala la masabata owerengeka, kenako kwabwera ina. Katundu amene anatenga chaka kumukonza ali ndi mwezi umodzi kapena iwiri yoti agulitsidwe pa mtengo wake. Amayi ogulitsa tomato akundimva bwino pamenepa.

Tsiku la filimu likangosuntha, zonse zasokonekera. Nthawi ya Covid, filimu ya Black Widow inayenera kutuluka mu May 2020, inatuluka mu July 2021. Ya Minions: The Rise of Gru inachoka pa 2020 kufika 2022. Koma zidole zake zinali zitapangidwa kale, zina zitafika m'masitolo mu 2020. Mwana ankaona chidole cha filimu imene sanaionepo, ndipo filimu itabwera, chidole chinali chakale.

Nthawi zina eni filimu amabisa dala maonekedwe a chilombo kapena mdani kuti anthu akadabwe mu kanema. Ndi zimene zinachitika ndi Godzilla ya 1998. Masitolo sankaloledwa kuonetsa chilombocho filimu isanatuluke, filimu itatuluka anthu ambiri sanaikonde, zidole zinagona, ndipo kampani ya Trendmasters imene inazipanga inatha patangopita zaka zochepa.

Vuto lachiwiri ndi mtengo. Pa chidole chilichonse cha mu filimu, wopanga amalipira eni filimu gawo la ndalama chifukwa chogwiritsa ntchito dzina ndi nkhope. Kawirikawiri amalonjezanso ndalama ina yoti adzapereke ndithu, zidole zigulidwe kapena zisagulidwe. Pofuna kubweza ndalamayo amapanga zambiri ndi kukweza mtengo. N'chifukwa chake kamunthu kapulasitiki kotalika ngati chala kamaposa mtengo wa galimoto yachidole yayikulu bwino. Kholo silikulipira pulasitiki, likulipira dzina. Dzinalo likazizira, chatsala m'manja mwanu ndi kapulasitiki kaja basi.

Musaganize kuti izi zimagwera mafilimu osatchuka okha. Mu 1999 kunatuluka Star Wars ina, The Phantom Menace, patapita zaka 16 anthu akudikirira. Ku America anthu anafola pa masitolo pakati pa usiku kudikira zidole zake. Filimu inapanga ndalama zambiri, koma katundu anapangidwa wochuluka kuposa ogula, ndipo zidole zambirimbiri zinathera pa sale. Chaka cha 2000 kampani ya Hasbro inaluza ndalama zoposa $140 miliyoni, ndipo kuzizira kwa Star Wars chinali chimodzi mwa zifukwa zake. Kampani yosindikiza mabuku ya ku Britain, Dorling Kindersley, inasindikiza mabuku a filimu yomweyo okwana 13 miliyoni n'kugulitsa pafupifupi 3 miliyoni okha. Mapeto ake inagulidwa ndi Pearson. Mu 2023, kampani ya Funko inalengeza kuti itaya zidole za ndalama zapakati pa $30 miliyoni ndi $36 miliyoni, chifukwa kuzisunga kunkadula kuposa phindu limene zikanabweretsa.

Tsono taganizirani. Awa ndi makampani okhala ndi akatswiri owerengera msika, ndalama zotsatsira malonda pa TV, masitolo m'mayiko ambiri, ndipo amagulitsa filimu ili pamoto. Iwowo zawakanika. Inu ndi ine, ndi mpamba wa ku banki m'khonde, tikaima nazo pa benchi ku Limbe kapena ku Kamwala patapita chaka ndi theka filimu itaiwalika, tichita matsenga anji?

Vuto lachitatu ndi limene otigulira katundu safuna kulitchula: zimene zili m'kati mwa katoni. Zidolezi sizibwera mtundu umodzi. Katoni imakhala yosakaniza: mwini filimu, mnzake, mkazi wake, mdani, asilikali a mdani, ndi ena amene anangooneka mphindi ziwiri. Mwana aliyense amafuna mwini filimu. Ku sitolo yayikulu mwini filimu amatha sabata yoyamba, enawo amatsala akulendewera. Sitolo singaodenso katoni yatsopano pamene mashelefu adzaza ndi osagulika, ndiye mzere wonse wa zidolezo umaima pomwepo. Filimu ya Eternals ya 2021 inali ndi ngwazi khumi zimene ana ambiri sankazidziwa, ndipo zidole zake zinakhala m'mashelefu mpaka kutsitsidwa mtengo.

Zotsala zimenezi ndi zomwe amazisonkhanitsa, kuzigulitsa kwa ogula katundu wokanika, n'kuyenda m'manja awiri atatu mpaka kudzafika pa holoselo pamene m'bale wathu akujambula chithunzi. Pa chithunzi amaika mwini filimu kutsogolo. Mukatsegula katoni kunyumba mupeza alonda a mdani ndi azakhali a mwini filimu. Chikomekome cha nkhuyu, m'kati muli nyerere.

Tiyeni tiwerengere, manambalawa ndi ongoyerekeza koma aliyense aikepo ake. Katoni ya zidole 24 pa R40 chimodzi ndi R960. Onjezani komishoni ya wokugulirani, katundu m'basi kuchokera ku Johannesburg kudutsa Beitbridge, Nyamapanda, Tete mpaka Mwanza, msonkho pa boda, ndi wa minibasi. Tinene kuti zonse zafika R1,400. Mukagawa ndi 24, chidole chimodzi chakudyerani pafupifupi R58, ndipo mumtima mukuti zili bwino. Koma ngati m'katonimo zogulika ndi 8 zokha, chilichonse chiyenera kubweza R175 kuti mpamba wokha ubwerere, phindu lisanayambe. Sinthani R175 kupita ku kwacha pa mtengo umene mumaigulira Rand, osati wa pa bolodi ya ku banki, kenako mundiuze kuti ndi kholo liti pa msika wa Lilongwe kapena Chipata lingatulutse ndalama imeneyo pa kamunthu kamene mwana wake sakukadziwa n'komwe dzina.

Pali chinanso cha mayendedwe. Zidolezi zimabwera m'mapaketi a katoni ndi pulasitiki yowonekera, theka lake ndi mpweya. M'basi timalipira malo, ndiye mukulipirira mpweya. Chikwama china chikakhala pamwamba, paketi yaphwanyika, ndipo chidole cha orijino cha paketi yophwanyika kasitomala amachiona ngati cha pa kaunjika. Zoyaka ndi zolankhula zimafika mabatire atatha kapena atatsikira m'kati chifukwa chokhalitsa. Musaiwalenso kuti STR ya COMESA imathandiza katundu wopangidwa m'mayiko a COMESA amene ali pa mndandanda wogwirizana. Chidole chochokera ku China sichilowamo, msonkho mulipira wonse.

Vuto lachinayi ndi la kwathu kuno. Chidole cha mu filimu chimagulitsidwa ndi filimuyo. Mwana aonere, akonde munthuyo, alirire chidole. Kumene zimapangidwira malonda amenewa kuli nyumba za kanema m'tauni iliyonse, zikwangwani m'misewu, ndi zotsatsa pa TV. Nanga kwathu? Nyumba za kanema ndi zowerengeka, ndipo ana ambiri sanalowemo. Mafilimu amawapeza pa memori khadi, pa foni ya achimwene awo, m'mavidiyo a pa msika, nthawi zambiri otanthauziridwa m'Chichewa, ndipo amene amakondedwa kumeneko si amene akutsatsidwa ku America mwezi umenewo. Mwana wa ku Ndirande angakuuzeni za John Cena, Rambo ndi Jackie Chan, koma mufunseni mayina a ngwazi za filimu ya chaka chatha muone. Komanso mafilimu ambiri a ngwaziwa amawaika kuti ndi a zaka 13 kupita m'tsogolo, pamene zidole zimasewereredwa ndi ana a zaka 4 mpaka 8. Woonera filimu wakula, safuna chidole. Wofuna chidole sanaonere filimu.

Ndiye pali funso limene kholo lililonse limafunsa likagwira chidole: chimatani? Galimoto imayenda. Mpira amamenya ana khumi tsiku lonse. Mwana wachidole amamubereka, kumusambitsa, kumuluka tsitsi pa masanje. Mfuti ya madzi imathira madzi. Kamunthu ka mu filimu kamangoima, kakagwa mkono wathyoka, kachipewa ndi kalupanga zatayika tsiku lomwelo. Ana athu amapanga okha magalimoto a mawaya ndi mpira wachikulunga, ndiye chidole chogula chiyenera kuchita chinthu choposa zimenezo kuti kholo litulutse ndalama. December ndi mwezi womwewo wa feteleza, January kuli fizi ndi yunifolomu. Chidole chikulimbirana ndalama ndi zimenezi.

Ndikudziwa zimene ena muyankhe, ndiye ndiyankhiretu.

Ena muti, nanga Spider-Man bwanji amayenda? Eya amayenda, Batman nayenso. Koma Spider-Man wakhalapo kuyambira 1962, Batman kuyambira 1939. Ali m'makatuni a pa TV, pa zikwama za kusukulu, pa matisheti a pa kaunjika, pa makeke a birthday. Mwana amamudziwa asanaonere filimu ina iliyonse. Sadalira filimu imodzi, n'chifukwa chake saola. Chimodzimodzi Barbie, amene alipo kuyambira 1959, ndi timagalimoto ta Hot Wheels kuyambira 1968. Ngakhale zidole za filimu ya Cars zinayenda zaka zambiri, chifukwa ukachotsa filimu, galimoto ikadali galimoto. Kutchula Spider-Man ndi kundithandiza mfundo yanga. Komabe chenjerani: katoni yolembedwa Spider-Man ikhoza kukhala ndi Spider-Man awiri ndi adani ake khumi.

Ena muti, pali mafilimu amene zidole zake zinasowa anthu akuzifuna. Zoona. Buzz Lightyear wa mu Toy Story anasowa m'masitolo Khrisimasi ya 1996. Elsa wa mu Frozen anasowa mu 2014, makolo akulimbirana. Koma mverani bwino mawu akuti zinasowa. Chidole chimene chikufunidwa sichifika pa clearance. Eni sitolo amachigulitsa okha pa mtengo wonse, ndipo sangakuimbireni foni kuti bwerani mudzatenge pa R40. Kungoti chatsika mtengo kasanu ndi umboni wokwanira kuti kumene anthu anaonera filimuyo achikana.

Ena muti, zidole zimenezi zimakwera mtengo zikakhalitsa, pali anthu ozisunga. Alipo, ambiri ndi akuluakulu a kunja amene amagula pa intaneti. Amafuna zosowa, za paketi yopanda ngakhale kakhwinya. Chinthu chimene chinapangidwa mamiliyoni n'kutsala sichisowa. Komanso ife si osunga zinthu zakale, ndife a geni. Mpamba wathu umadya ukamazungulira. Kwacha inagwa ndi 25 peresenti mu May 2022, inagwanso ndi 44 peresenti mu November 2023. Katundu amene wagona miyezi 6, ngakhale mudzamugulitse pa mtengo umene munalemba, ndalamayo siidzagulanso ma Rand amene munatulutsa. Wa katapila sadikira kuti filimu idzatuluke gawo lachiwiri.

Ena muti, ndili ndi makasitomala a ndalama, a ku Area 10, Namiwawa, Kabulonga. Chabwino. Amenewo ana awo ali ndi DStv ndi intaneti, amadziwa filimu yatsopano tsiku lomwe yatuluka, ndipo amafuna za pano, osati za chaka chatha. Ngati muli nawo, agulireni pa oda: atumize chithunzi cha chidole chenicheni chimene mwana akufuna, apereke dipoziti, mugule chimodzi chomwecho. Pamenepo phindu lilipo ndipo palibe chogona. Kugula makatoni asanu podalira makasitomala atatu ndi kudzinamiza.

Tsopano kwa inu abale athu amene mumatigulira katundu ku Johannesburg ndi ku Dar es Salaam. Ntchito yanu timailemekeza, ambiri muno sitikanayenda popanda inu. Koma komishoni yanu mumalandira tsiku logula, katundu ayende kapena asayende. Mwini holoselo akakupatsani kangachepe kuti mumuchotsere katundu wokanika, inu mwadya kawiri, ndipo amene atsale akulira ndi mayi amene watenga ngongole ya gulu kuti ayambe geni ya Khrisimasi. Ngati mukukhulupiriradi kuti zidolezo ziyenda, ikanipo ndalama zanu, mutipatse tigulitse, tidzagawane zikatha. Amene avomere zimenezi ndidzamumvera. Apo ayi, musamalembe kuti ndi hot, lembani zoona: filimu yake ndi iyi, inatuluka chaka chakuti, m'katoni muli awa ndi awa.

Kwa amene mukufunabe kugwira zidole chaka chino, nazi zoyenera kuchita musanatumize ndalama.

1. Onetsani chithunzi kwa ana asanu a m'dera limene mumagulitsa, osati ana anu okha. Osawauza dzina. Ngati atatu sakumutchula munthuyo, musagule.

2. Funsani chaka chimene filimu inatuluka. Pa paketi pamakhala chaka cholembedwa ting'onoting'ono kumbuyo kapena pansi. Auzeni ajambule pamenepo.

3. Katoni itsegulidwe pa vidiyo, muwerenge nokha kuti mwini filimu alimo angati. Mtengo muuwerengere pa okhawo. Enawo muwatenge ngati banyira.

4. Dzifunseni: ndikachotsa dzina la filimu, chatsala n'chiyani? Ngati chatsala galimoto, ndege, mpira, njinga kapena mwana wachidole, ndi katundu. Ngati chatsala kamunthu kongoima, siyani.

5. Yambani ndi zochepa. Theka la katoni mugawane anthu awiri, muone sabata ziwiri. Zikayenda, basi imapita sabata iliyonse.

6. Zoyaka ndi zolira ziyesedwe pomwepo, ndipo mudziwe ngati mabatire ake amapezeka kwanu. Timabatire tozungulira tija si paliponse pamene timapezeka, komanso ndi toopsa mwana akameza.

7. Samalani ndi zachinyengo zokhala ndi dzina la kampani yayikulu. Ku South Africa kuli lamulo la katundu wachinyengo, akakupezani nazo amalanda, ndipo palibe amene adzakubwezereni.

8. Ikani tsiku lomaliza. Chidole chimene chafika pa 26 December chisanagulidwe, chitsitseni mtengo nthawi yomweyo ndalama ibwerere mu zikwama, nsapato za sukulu ndi makope. Kuchisunga kuti chidzayenda Khrisimasi ya chaka chamawa ndi kuwonjeza chaka china pa filimu yoiwalika kale.

Mpamba wa zidole uikeni pa zimene zimayenda chaka chonse, pa birthday, pa Eid, pa Khrisimasi, popanda kudikira Hollywood: mipira, magalimoto okoka ndi a rimoti, ana achidole, timapoto ta masanje, zomangamanga, mfuti za madzi, njinga za ana. Zambiri mwa izi zimachokera ku mafakitale a ku Chenghai, mumzinda wa Shantou ku China, ndipo palibe amene mukumulipira za dzina. Phindu pa chimodzi ndi lochepa, koma zimatha, ndipo ndalama imabwerera mu geni.

Malonda ndi m'maso, abale anga, ndipo maso ake ndi a kasitomala wa pa benchi yanu, osati a wojambula chithunzi ku holoselo. Amene ali ndi umboni wotsutsa, wa katoni yonse ya zidole za filimu ya chaka chatha imene inatha pa mtengo wabwino, aulembe apa ndi manambala ake: anagula zingati, pa mtengo wanji, zinatha masiku angati, zinatsala zingati. Tiwerengere limodzi. Ma admin, chonde uthengawu ukhale pamwamba mpaka December adutse, alongo athu atsopano mu geni auone asanatumize ndalama.